Nyumba ya ku Queens kapena co-op ya ku Bronx: musawerengere lendi ya basement

Achemwali, mwati ndinu namwino ku Manhattan mu mzinda wa New York ndipo nthawi zina mumagwira usiku, muli ndi ana aang'ono, inu ndi abambo akunyumba mwatopa ndi lendi, ndiye mwapeza malo awiri. Ena ndi nyumba yoima payokha kummawa kwa Queens, imene wogulitsa akuti lendi ya basement, zipinda zapansi pa nyumbayo, idzakulipirirani gawo lalikulu la ngongole. Ena ndi co-op ya zipinda ziwiri zogona m'nyumba yaikulu ya mabanja ambiri ku Bronx, yotsika mtengo ndithu. Mukufunsa kuti mutenge iti. Ine ndimakhala ku Queens m'nyumba imene tikulipirabe ngongole yake, choncho nkhaniyi ikundikhudza, ndipo ndiyamba ndi chimene chandidetsa nkhawa kwambiri mu uthenga umene mwalemba mugulu lathu lino.

Ndalama ya basement ija ichotseni kaye m'masamu anu. Ngati nyumbayo simungathe kuilipira mwezi ndi mwezi ndi malipiro anu awiri okha, ndiye kuti si yanu panopa. Zipinda zapansi zambiri ku Queens zimene anthu amachititsa lendi n'zosaloledwa kukhalamo anthu. Chimene chimanena zoona ndi pepala lotchedwa Certificate of Occupancy, ndipo mutha kuliona nokha pa intaneti, patsamba la Department of Buildings, pongolemba adiresi ya nyumbayo. Likanena kuti nyumbayo ndi ya banja limodzi, koma pansi mwapeza khitchini, bafa ndi chitseko chakechake, dziwani kuti mukagula, mlanduwo wasanduka wanu. Chindapusa chimabwera kwa mwini nyumba wa lero, osati kwa amene anaika mapaipi zaka zapitazo. Banki nayonso siwerengera lendi ya chipinda chosaloledwa poona ngati mukuyenera ngongole, ndipo wa lendi akasiya kulipira, kukhoti mukavutika kuitanitsa ndalama ya malo amene boma silikuwadziwa.

Koma chachikulu si chindapusa ayi. Usiku wa pa 1 September 2021, mvula yotsalira ya mphepo yamkuntho ya Ida itagwa, anthu 11 anafera m'zipinda zapansi mu mzinda wa New York, ambiri mwa iwo ku Queens. Madzi analowa mofulumira, zitseko zinakanika kutseguka, mawindo anali ang'onoang'ono oti munthu sangatulukirepo. Ambiri anali anthu obwera ngati ifeyo, ofuna malo otchipa. Inu ndinu namwino, mukudziwa kulemera kwa moyo wa munthu. Sindikufuna kuti tsiku lina mudzagone pamwamba muli ndi mantha a banja limene lili pansi panu mvula ikuwomba pawindo.

Mukapita kukaionanso nyumbayo, tsikirani pansi ndi tochi ya pafoni. Yang'anani m'munsi mwa khoma, pafupi ndi simenti. Mukaona mzere wa dzimbiri pamiyendo ya boiler, makina otenthetsa nyumba, kapena penti watsopano amene wangofika m'mawondo n'kulekera pomwepo, madzi anafikapo pamenepo. Nunkhizaninso. Fungo la chinyontho silibisika ngakhale ayatse makandulo onunkhira. Kenako tulukani muone ngati msewu wolowera galimoto ukutsetserekera kunyumba, chifukwa nyumba zambiri za kuno zili ndi garaja yapansi, ndipo madzi amatsata njira yomweyo. Inshuwalansi wamba ya nyumba silipira zowonongeka ndi madzi osefukira, imeneyo imagulidwa padera. Madera a m'mphepete mwa nyanja monga Rockaway, Howard Beach ndi gombe la kummawa kwa Staten Island anaona zoopsa ndi mphepo yamkuntho ya Sandy mu October 2012, koma Ida inaonetsa kuti ngakhale kutali ndi nyanja ngalande zimatha kulephera.

Ngati mtima wanu uli pa lendi, njira yake ilipo yoongoka: nyumba yovomerezeka ya mabanja awiri. Imadula, inde, koma banki imawerengera gawo la lendi yake ngati ndalama zanu, ndipo ngongole ya FHA, imene boma la America limaiikira kumbuyo, imalola kuti muyambe ndi 3.5 peresenti yokha ya mtengo bola mukhalemo inuyo komanso mbiri yanu ya ngongole ikhale yabwino. Mungokumbukira kuti kukhala landilodi ku New York ndi ntchito. Chiyambire 2019, dipoziti imene mungatenge kwa wa lendi siyenera kupitirira lendi ya mwezi umodzi, ndipo kutulutsa munthu wosalipira kumadutsa kukhoti, kumatenga miyezi. Miyezi imeneyo banki sidikira.

Tsopano co-op ya ku Bronx ija. Anthu ambiri amaipeputsa, ine sindiipeputsa. Mukagula co-op simugula chipindacho chenicheni, mumagula masheya m'kampani imene ndi mwini nyumba yonseyo, ndipo masheyawo ndi amene amakupatsani ufulu wokhala m'chipinda chanu. N'chifukwa chake pali komiti, imene amati board, yoti ikuvomerezeni. Adzafuna mapepala a msonkho, masitetimenti a kubanki, makalata okuchitirani umboni, kenako akuitaneni kukacheza nanu, ndipo atha kukukanani. Ambiri amafuna 20 peresenti ya mtengo poyambirira, ena kuposa apo, komanso amafuna kuona kuti mukatha kugula mudzatsala ndi ndalama kubanki. Ngongole ya FHA nthawi zambiri sigwira ntchito pa co-op. Ma board ambiri amaletsanso kapena kuchepetsa kuchititsa lendi chipinda chanu, choncho ngati mukuganiza zodzasamuka n'kusiyamo munthu, funsani lamulo lawo musanasaine chilichonse.

Mtengo wotsika wa co-op usakunyengeni musanaone maintenance, ndalama imene mudzalipira mwezi uliwonse kwa nthawi yonse imene mudzakhalemo, ngakhale ngongole itatha. Muli msonkho wa nyumba, malipiro a ogwira ntchito, kawirikawiri kutenthetsa nyumba ndi madzi, ndi gawo lanu la ngongole ya nyumba yonseyo. Imakwera. Loya wanu apemphe malipoti a zachuma a zaka zingapo ndi zolembedwa za misonkhano ya board. Mmenemo ndi mmene mumapezeka kuti denga likudontha, elevator yakalamba, kapena akukonzekera kusonkhetsa eni zipinda ndalama yapadera. Koma ubwino wake ndi weniweni. Boiler ikafa pakati pa January, amene akudzuka ndi super, wosamalira nyumba yonseyo, osati inu. Chipale chikagwa, wofosholo alipo. M'nyumba yoima payokha, kanjira ka oyenda pansi kutsogolo kwanu ndi udindo wanu, ndipo lamulo limakupatsani maola ochepa oti muchotse chipale chikasiya kugwa. Taganizani mukuchokera ku shifiti ya usiku, miyendo itatupa, fosholo ikukudikirani pakhomo.

Palinso ndalama za tsiku lotsekera malonda zimene ambiri amadzidzimuka nazo. Pogula nyumba kapena condo (chipinda chimene chimakhala chanuchanu, osati masheya) ndi ngongole, pali msonkho wolembetsera ngongoleyo, umene wogula amalipira 1.8 peresenti ngati ngongole ili pansi pa $500,000, ndi 1.925 peresenti ikafika pamenepo kapena kupitirira. Pa ngongole ya $600,000 imeneyo ndi $11,550, ndalama yongopereka kuboma musanagule ngakhale katani. Pa co-op msonkho umenewu palibe. Mtengo wa nyumba ukafika $1 miliyoni pamabweranso msonkho wa nyumba zodula wotchedwa mansion tax, woyambira pa 1 peresenti, ndipo nyumba za mabanja awiri ku Queens ndi ku Brooklyn zambiri zimafika pamenepo. Onjezerani loya, woyendera nyumba ndi inshuwalansi ya umwini. Kuno malonda a nyumba amayenda ndi maloya, ndipo posaina mgwirizano nthawi zambiri mumaika 10 peresenti ya mtengo. Loya akhale wanu, wodzipezera nokha, osati amene wakulozerani wogulitsa. Funsaninso za HomeFirst, pulogalamu ya mzinda yothandiza ogula koyamba ndi ndalama zofika $100,000, ngakhale ili ndi malire a malipiro ndipo imafuna kuti muchite kaye maphunziro a ogula nyumba.

Chinthu china chimene chidzalamulira moyo wanu kuposa kukongola kwa khitchini ndi ulendo wa kuntchito. Kummawa kwa Queens sitima yapansi sifikako. Ya F imathera pa Jamaica-179th Street, ya 7 imathera ku Flushing. Kupitirira apo, ku Cambria Heights, Laurelton, Rosedale kapena Queens Village, mudzadalira basi yokufikitsani kusiteshoni, kapena sitima ya LIRR (Long Island Rail Road), imene ndi yachangu koma yodula kuposa subway. LIRR inayamba kufika ku Grand Central mu 2023, zimene zinathandiza ogwira ntchito kummawa kwa Manhattan, choncho onani kuti chipatala chanu chili mbali iti. Subway imayenda usiku wonse, koma usiku masitima ambiri othamanga amaima paliponse ndipo mabasi amatalikirana. Wogulitsa akakuuzani mphindi za ulendo, akunena za masana a tsiku labwino. Inu yendani ulendowo nokha pa ola limene mumaweruka, muime pamalo okwerera basi, muone kuwala kwa msewu ndi anthu amene akuyenda nthawi imeneyo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo apa kudekhako ndi usiku umodzi wokha.

Mukati mugule galimoto, kumbukirani inshuwalansi yake, ndi $9 imene galimoto zambiri zimalipira masana polowa ku Manhattan kumunsi kwa 60th Street chiyambire January 2025. Ku Bronx, co-op yanuyo ikakhala pafupi ndi sitima ya 4, D, 2 kapena 6, mutha kukhala opanda galimoto n'komwe, ndipo ndalama imeneyo ndi yambiri pachaka. Musagule potengera siteshoni imene akuti idzamangidwa. Werengerani imene ilipo lero.

Ena mugulu muno akuuzani kuti ku Bronx n'koopsa. Bronx ndi dera lalikulu la anthu oposa miliyoni imodzi, ndipo Riverdale, Pelham Bay, Parkchester ndi Woodlawn n'kosiyana kwambiri. Kuli Pelham Bay Park, paki yaikulu kuposa ina iliyonse mu mzindawu, ndipo kuli anthu ambiri ochokera ku Africa, makamaka kumadzulo kwa Africako, ndi mashopu ndi matchalitchi awo. Ku Queens nakonso msewu wina umasiyana ndi woyandikana nawo. Pitani madzulo a Loweruka, mufunse mayi amene wakhala pakhonde kuti madzi amalowa kapena ayi, phokoso la ndege za ku JFK limafika bwanji, ana amapita sukulu iti. Sukulu za pulayimale zambiri zimatengera adiresi, ndiye onani sukulu ya adiresi yeniyeniyo, osati ya dera lonse. Msonkho wa mzinda wa pamalipiro wokha ndi umene sudzasintha, chifukwa Queens ndi Bronx onse ndi New York City.

Mukandifunsa ine, ndi shifiti za usiku ndi ana aang'ono, ndingatsamire ku co-op, ngati mabuku ake a zachuma ali bwino ndipo siteshoni ndi yoyenda pansi. Nyumba ya ku Queens ndingaitenge pokhapokha masamu akukwana basement ili yopanda munthu, n'kutsalabe ndalama yokonzera denga kapena boiler. Mutiuze chimene Certificate of Occupancy ya nyumbayo ikunena, maintenance ya co-op ndi zingati, ndi mzere wa sitima umene uli pafupi, tiwerengere limodzi.