Mafunso ndi mayankho: kukonza nyumba za boma ndi ndalama yotsala pa bilu ya magetsi

FUNSO: Akonzi, ndimagwira ntchito mu ofesi ya zachuma pa khonsolo ina. Kwabwera kampani yomwe ikuti itisinthira mababu, magiza ndi mapampu a madzi popanda ife kutulutsa ndalama lero, ndipo tizibweza pang'onopang'ono kuchokera pa ndalama yomwe izitsala bilu ya magetsi ikatsika. Kodi zoterezi zilikodi? — Wowerenga wa m'chigawo chapakati

YANKHO: Zilikodi bambo, ndipo zinayamba kale. Ku America lamulo la Energy Policy Act la mu 1992 ndi lomwe linakhazikitsa bwino njirayi m'nthambi za boma, ndipo kontirakiti imodzi imaloledwa kufika zaka 25. Mzinda wa Berlin unayamba mu 1996, poika sukulu, maofesi ndi nyumba zina m'magulu n'kupereka gulu lililonse ku kampani imodzi, kuti nyumba zopindulitsa msanga zinyamule zinzake. Makampani ogwira ntchitoyi amatchedwa ESCO (chidule cha energy service company), ndipo alibe ubale uliwonse ndi ESCOM.

Mgwirizanowu uli pawiri. Wina, khonsolo ndi yomwe imatenga ngongole ku banki, kampani n'kulonjeza polemba kuti magetsi atsika ndi mayunitsi akutiakuti pa chaka. Akapanda kutsika, kampaniyo imalipira zoperewerazo. Winawo, kampani imabwera ndi ndalama zake, ndipo zotsala pa bilu mumagawana. Zomwe akuuzanizo zikufanana ndi wachiwiriwu. Umakoma poyamba, koma chiwongola dzanja chomwe kampaniyo ikulipira ku banki chimabisala mu gawo lomwe izitenga, choncho auzeni akuonetseni mtengo wa zipangizo, wa ntchito ndi wa ngongole padera padera. Komanso musasainirane ndi kampani imodzi yokha chifukwa yafika yoyamba. Ntchito ya boma imadutsa m'malamulo ogulira katundu omwe bungwe loona za kagulidwe ka katundu wa boma la PPDA limayang'anira.

FUNSO: Nanga tidzadziwa bwanji kuti magetsi atsikadi chifukwa cha ntchito yawo? Bilu yathu imasintha mwezi ndi mwezi. — Wowerenga yemweyo

YANKHO: Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse, ndipo makontirakiti ambiri amakanganitsa anthu pomwepa. Magetsi omwe simunagwiritse ntchito sadutsa pa mita. Chomwe chimachitika n'chakuti mumagwirizana poyambira, kutanthauza mayunitsi omwe nyumbayo inkadya ntchito isanayambe, kenako n'kumayerekeza.

Sonkhanitsani mabilu a miyezi yosachepera 12, ndipo ngati alipo a zaka ziwiri kapena zitatu ndi bwino koposa. Werengani mayunitsi, osati makwacha, chifukwa bungwe loyang'anira za magetsi la MERA likavomereza mitengo yatsopano bilu imakwera ngakhale mwadya magetsi ochepa. Mabilu ongoyerekeza, olembedwa wowerenga mita asanafike, achotseni. Ndipo samalani chaka chomwe mwasankha. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Mabilu a nyengo imeneyo ndi otsika chifukwa magetsi ankathimathima. Mukawatenga ngati poyambira, ntchito yabwino idzaoneka ngati yalephera. Zikakhala mosemphana, poyambira pakhala chaka cha magetsi okwanira kenako kuthima n'kuchuluka, mudzalipira kampani chifukwa cha mdima. Pachifukwachi lembani maola omwe magetsi anathima komanso malita a dizilo omwe jenereta inamwa, zonse zilowe m'masamu.

Njira zoyezera zilipo kale m'ndondomeko yotchedwa IPMVP, yomwe imagwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri. Mutha kuyeza chipangizo chomwe chasinthidwacho pachokha, kapena kuyang'ana mita ya nyumba yonse. Mita ya nyumba yonse imathandiza pokhapokha zomwe mukuyembekeza kupulumutsa zikuposa magawo 10 pa 100 aliwonse. Zikachepera apo zimasowa m'kusinthasintha kwa tsiku ndi tsiku.

Pa mababu masamu ake ndi osavuta. Chubu chakale cha mawati 36 chimadya pafupifupi 44 mukaphatikiza choki chake (kachipangizo kothandiza chubucho kuyaka), pomwe cha LED cholowa m'malo mwake chimadya 18. Tiyerekeze kuti muli ndi machubu 500 oyaka maola 10 pa tsiku, masiku 260 pa chaka: mawati 26 opulumutsidwa pa chubu chilichonse akupereka mayunitsi 33,800 pa chaka. Koma yendani m'makonde muwerenge machubu omwe akuyakadi. M'maofesi ambiri a boma mumapeza chotengera cha machubu awiri chili ndi limodzi, linalo linapsa kalekale, kumapeto kuli bii. Kampani ikawerengera onse 500 pomwe oyaka anali 350, papepala mwapulumutsa koma bilu siitsika momwe analonjezera. Maola oyaka nawonso ayezedwe ndi kachipangizo kojambula kwa masabata awiri kapena atatu, musangofunsa mlonda.

Mu kontirakiti mulembedwenso chochita zinthu zikasintha: mwamanga wodi yatsopano, mwagula ma air conditioner, kapena ogwira ntchito achuluka. Woyeza akhale katswiri wapadera wosadya nawo za kampaniyo.

FUNSO: Pa chipatala chathu cha mishoni tiyambe ndi chiyani, sola kapena zina? — Mayi wa ku Zomba

YANKHO: Mayi, yambani ndi kuchepetsa, sola ibwere pambuyo, apo ayi mugula mapanelo odyetsa zipangizo zowononga. Kawirikawiri giza imodzi imakhala ndi elementi ya makilowati 3, ndipo zambiri zimayaka usana ndi usiku. Kuika choyatsa ndi kuzimitsa pa nthawi, kukuta mapaipi a madzi otentha, kapena kusintha n'kuika yotenthetsa ndi dzuwa kumabweza ndalama msanga. Pampu yodzaza thanki yosefukira imafuna chabe kaswitchi koyandama koizimitsa thanki ikadzadza. Ngati bilu yanu ili ndi mzere wa kVA (malipiro a mphamvu yochuluka kwambiri yomwe munakoka nthawi imodzi), funsani za makapasita, zipangizo zowongola power factor (kuchepetsa mphamvu yomwe makina amakoka osaigwiritsa ntchito), chifukwa amatsitsa mzere umenewo ngakhale mayunitsi asasinthe.

Ziwiri zomwe zimagwetsa ntchito zotere kuno si za waya. Choyamba ndi kwacha: zipangizo zimagulidwa kunja, ndipo mu Novembala 2023 ndalama yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Kontirakiti inene poyera yemwe adzasenze zoterezi, komanso yemwe adzasinthe inveta kapena chubu chakufa m'chaka chachisanu, ndi masiku angati. Chachiwiri ndi bajeti. Oyang'anira chuma akaona bilu yatsika amafuna kudula ndalama ya magetsi ya chaka chotsatira, pomwe ndalama yomweyo ndi yolipirira kampani. Musanasaine, bodi yanu ivomereze polemba kuti mzere wa magetsi ukhala momwe ulili mpaka kontirakiti itatha. Ngati muli ndi ngongole yakale ya magetsi, yambani mwaikonza, chifukwa kampani ndi banki yake adzafuna kuona kuti bilu mumalipira mwezi uliwonse.