Waranti ya zaka 7 kapena 10 pa galimoto yatsopano: ikhale lamulo kwa onse?

Kalata ya lero yachokera kwa m'bale wathu amene akugwira ntchito ku Johannesburg. Akufuna kugula galimoto yatsopano pa ngongole ya ku banki ya miyezi 72, ndipo wazungulira madila angapo. Kwa Toyota amuuza waranti ya zaka 3 kapena makilomita 100,000, kwa Hyundai zaka 7 kapena makilomita 200,000, kwa Chery amulonjeza zaka 10 kapena makilomita 1 miliyoni pa injini. Ndiye akufunsa kuti: "Ngati ena akukwanitsa zaka zonsezi, bwanji boma osangolamula kuti onse azipereka waranti yaitali? Nanga a zaka zitatuwo, ndiye kuti galimoto zawo sazikhulupirira?"

Achimwene, pa funso loyambalo ndikugwirizana nanu, koma osati pa zaka 10. Zaka 5 pa galimoto yonse, zosamukira kwa wogula wachiwiri, zosakumangirirani ku galaja ya dila, zimenezo ndiye zoyenera kukhala poyambira pa kampani iliyonse. Zaka 10 zolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pachikwangwani kawirikawiri zimakhala ndi zingwe zambiri kumbuyo, ndipo zingwezo ndi zimene muyenera kuwerenga musanasaine.

Pa funso lachiwiri, ayi. Waranti yaitali inayamba ngati nyambo ya kampani imene anthu sakuikhulupirira. Hyundai inalowa ku America mu 1986 ndi kagalimoto kotchipa kotchedwa Excel, kamene kanatchuka ndi kuwonongekawonongeka mpaka dzina la kampaniyo linasanduka nthabwala. Pa galimoto za 1999 inalengeza waranti ya zaka 10 kapena mamailosi 100,000, omwe ndi makilomita pafupifupi 160,000, pa injini ndi giyabokosi, malonda n'kuyamba kukwera. Kia inachita zofananazo ku Ulaya: zaka 7 pa Cee'd mu 2006, kenako pa galimoto zake zonse mu 2010. Chery pobwereranso ku South Africa mu 2021 inadziwa kuti anthu akukumbukira tigalimoto take takale, ndiye inabwera ndi makilomita 1 miliyoni. Toyota sikufunika kunyengerera munthu kuti agule Hilux. Zaka zitatu zake zikungosonyeza kuti katundu akuyenda yekha.

Ndipo chopatsidwa ngati nyambo chimachotsedwanso nsomba zikalowa. Volkswagen itagwidwa mu 2015 ikunamiza makina oyezera utsi wa dizilo, inapereka ku America zaka 6 kapena mamailosi 72,000 pa galimoto za 2018. Pofika pa za 2020 inali itatsitsa n'kukhala zaka 4 kapena mamailosi 50,000. Chrysler mu 2007 inalonjeza waranti ya moyo wonse pa injini ndi giyabokosi, mu 2009 n'kuisiya. Apa m'pamene mfundo yanu ya lamulo ili ndi mphamvu, chifukwa kampani yosiyidwa payokha imatalikitsa kapena kufupikitsa potengera mmene msika ulili chaka chimenecho.

Chifukwa chimene zaka 3 zikuchepera masiku ano chili pansi pa boneti. Zolakwika za pomanga galimoto, monga waya wosalumikizika bwino, sensa yakufa kapena chitseko cholira, zimaoneka m'miyezi yoyambirira, ndipo waranti iliyonse imazigwira. Zimene zimaliza anthu ndi zolakwika za kapangidwe, zimene zimadikira makilomita ambiri kuti zitulukire. Taonani giyabokosi ya PowerShift imene Ford inaika mu Fiesta ndi Focus kuyambira cha m'ma 2011. Ili ndi makilachi awiri ouma, osayenera kukhudzana ndi oyilo. Masiilo a pa shafti ankadontha, oyilo n'kufika pa kilachi, galimoto n'kumanjenjemera ponyamuka pa maloboti ngati woyendetsa angophunzira dzulo. Kakompyuta kolamulira magiya nakonso kankafa. Ford inakakamizika kutalikitsa waranti ya zipangizozo ku America, makilachi mpaka zaka 7 kapena mamailosi 100,000. Nissan inachitanso zomwezo pa magiyabokosi ake a otomatiki otchedwa CVT a galimoto za 2003 mpaka 2010, kufika zaka 10 kapena mamailosi 120,000. Onse awiri anatalikitsa anthu atadandaula kale, ena atalipira kale m'thumba mwawo.

Hyundai yomweyo sinapulumuke. Injini zake za Theta II zinatuluka m'fakitale ndi tizidutswa ta chitsulo titatsalira m'timabowo ta oyilo ta mu crankshaft. Tizidutswato tinkatseka njira ya oyilo, mabering'i n'kuuma, injini n'kuyamba kugogoda mpaka kugwira. Mu 2015 kampaniyo inaitanitsa ma Sonata pafupifupi 470,000. Waranti yaitali sinapangitse injiniyo kukhala yabwino, koma inachititsa kuti bilu ipite kwa amene analakwitsa. Ndipo n'zimene ine ndimazifunira waranti yaitali. Mwini galimoto sangasinthe kapangidwe ka siilo. Kampani ingathe, ndipo imafulumira kutero pamene injini iliyonse yakufa ikutuluka m'thumba mwake.

Onjezanipo turbo, ma injector a dizilo, valavu ya EGR yobwezera utsi mu injini, sefa ya mwaye ya DPF, tcheni cha timing chimene chimatamuka, kompuresa ya ziziritso, ndi sikirini imene masiku ano imalamulira theka la zinthu za m'galimoto. Zambiri mwa izi siziwonongeka m'chaka chachiwiri. Zimayamba chachinayi kapena chachisanu, inu mukulipirabe ku banki. Ngongole yanu ndi ya zaka 6, waranti ya zaka 3: zaka zitatu zotsalazo muzidzalipira mwezi ndi mwezi galimoto imene ikhoza kukhala itakwera pamiyala kuseri kwa nyumba.

Pali otsutsa amene amati waranti yaitali ikweza mitengo. N'zoona, palibe chaulere: pa galimoto iliyonse yogulitsidwa kampani imapatula ndalama zodzakonzera, ndipo ndalamazo zili mumtengo umene mukulipira. Komabe kampani imagula zipangizo pamtengo wa kufakitale, ndipo ikapeza kuti wolakwa ndi wopanga pampu kapena sensa, imakamulipiritsa. Inu mukanagula chipangizo chomwecho pa kauntala, pamtengo wonse. Boma kuikapo malire si zachilendonso. Ku European Union katundu watsopano aliyense ali ndi chitetezo cha lamulo cha zaka 2. Ku America lamulo limafuna zaka 8 kapena mamailosi 80,000 pa zipangizo zikuluzikulu zoyeretsa utsi monga catalytic converter. Ku South Africa kwanuko, lamulo loteteza ogula la Consumer Protection Act limangopereka miyezi 6, zotsalazo ndi mtima wa kampani.

Tsopano zingwe zija. Choyamba ndi mawu akuti "chimene chayamba kukwana". Ngati mukuyenda makilomita 15,000 pachaka, zaka ndizo zidzathe kaye. Koma ngati galimotoyo ikagwira Uber kapena Bolt n'kumadya makilomita 40,000 pachaka, makilomita 100,000 atha m'zaka ziwiri ndi theka, ndipo mawaranti ambiri ali ndi ndime yapadera yochepetsa kapena kuchotseratu chitetezo pa galimoto ya hayala. Muuzeni dila ntchito yeniyeni ya galimotoyo, ndipo yankho lake alilembe.

Kenako funsani kuti zakazo zikuphimba chiyani. Zaka 7 za Hyundai ku South Africa zili pawiri: zaka 5 kapena makilomita 150,000 pa galimoto yonse, ndi zaka 2 kapena makilomita 50,000 zoonjezera pa injini ndi giyabokosi basi. Zaka 10 za Chery ndi za injini yokha, ndipo ndi za mwini woyamba; galimoto yonse ili ndi zaka 5 kapena makilomita 150,000. Mukaigulitsa m'chaka chachinayi, wogulayo miliyoni ija saiona, choncho simungaiwerengere pamtengo. Ku America nakonso zaka 10 za Hyundai zimatsika n'kukhala 5 kwa mwini wachiwiri. Za Kia ku Ulaya zimatsata galimoto, osati munthu, ndipo mwa zonsezi ndi zimene ndingakonde kuti ena atengere.

Chingwe chokhuthala kwambiri ndi sevisi. Mitsubishi ku Australia inalengeza mu 2020 zaka 10 kapena makilomita 200,000, koma pokhapokha sevisi iliyonse ichitikire kwa dila wawo. Mukapita kwina mubwerera pa zaka 5. Toyota ku Britain kuyambira 2021 imapereka zaka 3, kenako sevisi iliyonse ya kwa dila imakuonjezerani chaka chimodzi kapena mamailosi 10,000 mpaka galimoto itakwana zaka 10 kapena mamailosi 100,000. Si zoipa ayi, koma muzitchule dzina lake lenileni: mukugula warantiyo chaka ndi chaka kudzera mu bilu ya sevisi. Ku South Africa, malangizo a Competition Commission, bungwe loona za mpikisano pa malonda, amene anayamba kugwira ntchito pa 1 July 2021 amakulolani kupita ku galaja yoima payokha osataya waranti, ndipo amafuna kuti service plan, sevisi yolipiriratu pogula galimoto, igulitsidwe padera, mtengo wake uonekere. Kampani ingakane kulipira pokhapo pamene chawonongekacho chachokera ku ntchito kapena chipangizo cha galajayo. Lamulo lotalikitsa waranti lopanda ndime yotere lingangopereka makasitomala kwa madila kwa zaka zisanu.

Kuti ufuluwo ukuthandizeni pamafunika mapepala. Sevisi ichitike pa nthawi yake, kaya ndi makilomita 10,000 kapena 15,000, kaya miyezi 12 ngakhale galimoto yangoima. Lisiti lililonse lionetse tsiku, makilomita, nambala ya chasisi (VIN), mtundu wa oyilo monga 5W-30 ndi muyezo umene buku likufuna, komanso manambala a mafyuluta. Lisiti longolemba kuti "service" ndi mtengo silikupulumutsani injini ikagwira. Nyali ya injini ikayaka, pitani akalembe job card ngakhale vuto asalipeze tsiku limenelo, chifukwa dandaulo lolembedwa waranti isanathe ndilo umboni wanu vutolo likadzakula pambuyo pake. Ndipo kutatsala miyezi iwiri kuti ithe, lipirani makaniko wodziwa aikweze, aone podontha, amvere giyabokosi, aike kompyuta.

Mabuleki, kilachi ya manyuwo, mawaipa, mababu ndi matayala, zimenezo ndi zanu pa waranti ina iliyonse. Ma shock ophedwa ndi maenje nawonso ndi anu.

Mwanenanso m'kalatamo kuti mukufuna kudzabwera nayo kumudzi pa Khirisimasi, mwina n'kudzaisiya konko. Waranti imamangidwa ku msika umene galimoto inagulidwa, ndipo ma Vitz ndi ma Sienta ochokera ku Japan amafika ku Malawi opanda chitetezo cha fakitale. Funsani mndandanda wa mayiko amene waranti yanu ikugwira ntchito, wolembedwa, ndipo muone ngati mtundu umenewo uli ndi dila ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Zaka 10 sizikuthandizani ngati galimoto yafera ku Ntcheu ndipo wololedwa kuikonza ali ku Gauteng, chigawo chimene kuli Johannesburg. Musamalenso mafuta a m'zigubu amene amagulitsidwa m'mbali mwa msewu mafuta akasowa. Dizilo wosakaniza ndi parafini kapena madzi amakanda pampu ndi ma injector, ndipo chinthu choyamba chimene dila amachita galimoto yotere ikafika ndi kutunga mafuta a mu thanki n'kukawayeza. Akapezamo parafini, bilu yonse ndi yanu ngakhale galimoto ili ndi miyezi itatu.

Pa zitatu mwatchulazo, ikani pambali zaka za pachikwangwani, muyerekeze zaka za galimoto yonse: 3, 5 ndi 5. Mukakonda ya zaka 3, funsani mtengo wa waranti yoonjezera ya kampani yomweyo yofika zaka 6, muuphatikize pamtengo wa galimoto, kenako muyerekezenso ndi enawo.