Kuopa Mulungu, Nzeru ndi Chikhulupiriro: Abusa Ayankha Makalata Anu

Makalata atatu amene tasankha mwezi uno achokera kwa owerenga a muno mu Harare, ndipo ngakhale kuti olembawo sadziwana, onse akufunsa za nkhani imodzi. Mayina tawabisa monga mwa mwambo wa tsambali.

FUNSO: Abusa, ine ndine mayi wa Chigwirizano wa ku Mufakose. Mdzukulu wanga amene akuphunzira ku University of Zimbabwe wandifunsa funso limene landisowetsa choyankha. Akuti Miyambo 9:10 imanena kuti chiyambi cha nzeru ndicho kuopa Yehova, pamene 1 Yohane 4:18 akuti chikondi changwiro chimataya kunja mantha, ndiye kuti Baibulo likudzitsutsa lokha. Akutinso aphunzitsi ake ena sapemphera n'komwe, koma ndi anthu anzeru zakuya. Ndimuyankhe bwanji?

YANKHO: Mayi, musamukalipire mdzukulu wanuyo, chifukwa mwana amene wapeza mavesi awiri n'kuwaika pamodzi ndiye kuti Baibulo lake silikungogona pa alumali. Mukhale naye pansi, mutsegule Eksodo 20:20. Pamenepo Aisraeli ali m'tsinde mwa phiri la Sinai, aona mphezi ndi utsi, amva mabingu ndi lipenga, ndipo aima patali akunjenjemera. Mose akuwauza kuti asaope, koma asanatseke pakamwa akuwonjezera kuti Mulungu wabwera kuti kumuopa Iye kukhale pamaso pawo, kuti asachimwe. Mose sanasokonezeke mutu. Alipo mantha amene amathawitsa munthu pamaso pa Mulungu, monga anachitira Adamu pobisala m'mitengo ya m'munda, kapena kapolo wa m'fanizo la pa Mateyu 25 amene anakwirira ndalama ya mbuye wake pansi chifukwa ankamuyesa munthu wouma mtima. Mantha amenewa ndi amene Yohane akunena, pakuti m'vesi lomwelo akufotokoza kuti amayendera limodzi ndi chilango. Kuopa kumene Miyambo ikuyamikira ndi kwa munthu amene wadziwa kuti Mulungu ndi woyera, ndi wamkulu, amaona zonse, ndipo munthuyo akusankha kuyandikira kwa Iye atavula nsapato.

Ngati mwanayo akufuna kudziwa maonekedwe a kuopa kumeneku, muonetseni Levitiko 19:14, limene kwa ine ndi vesi lomveka koposa pa nkhaniyi. Lamulolo likuti usatemberere wogontha ndiponso usaike chopunthwitsa patsogolo pa wakhungu, koma uziopa Mulungu wako. Taganizani chifukwa chake mawu akuti uziopa Mulungu aikidwa pamenepa. Wogontha sadzamva kuti mwamutukwana, wakhungu sadzadziwa amene anaika mwalawo, ndipo palibe bwalo limene lidzakuzengeni mlandu. Mawu omwewo akubweranso pa lamulo la kulemekeza nkhalamba, pa la kusadyera m'bale wosauka masuku pamutu pomukongoza, ndi pa la kusazunza wantchito. Konseko munthu wolakwiridwayo alibe mphamvu yobwezera. Choncho kuopa Mulungu kumadziwika pa malo amene mboni palibe ndipo wofooka sangathe kudziteteza.

Apa ndi pamene nzeru imamera. Uchitsiru wambiri umene umagwetsa mabanja, mabizinesi ngakhale mipingo umayamba ndi mawu amumtima akuti palibe amene adziwe. Munthu amene wakhulupirira kuti alipo Wina amene akudziwa kale amaleka kudzinamiza, amayamba kuona zinthu monga zilili, ndipo amalola kudzudzulidwa, n'chifukwa chake Miyambo 1:7 imamaliza ndi kunena kuti opusa amanyoza nzeru ndi mwambo.

Za aphunzitsi akewo, musawanyoze ndipo musalole kuti mwanayo aganize kuti mpingo umadana ndi sukulu. Machitidwe 7:22 amatiuza kuti Mose anaphunzira nzeru zonse za Aigupto, ndipo Danieli anaphunzira mabuku a ku Babulo. Luso la kuwerengera, la kuchiza ndi la kumanga milatho Mulungu amapereka kwa opemphera ndi osapemphera omwe, monga amagwetsera mvula. Koma Baibulo likamanena za nzeru limafunsanso ngati munthu akudziwa kukhala ndi mkazi wake, kugwira ndalama za eni, kubweza lilime lake ndi kukonzekera imfa. Solomo anapeka miyambi 3,000 ndi nyimbo 1,005, ndipo mafumu ankayenda maulendo ataliatali kudzamumvera, komabe atakalamba akazi ake 700 ndi adzakazi 300 anapotoza mtima wake, ndipo ufumu unagawikana m'manja mwa mwana wake Rehobowamu. Mutu wake unali udakali wakuthwa pamene kuopa kunali kutatha.

Mukumbutseninso za makolo ake. Ambiri mwa amene anachokera ku Nyasaland, ena wapansi kudzera ku Tete, ena pansi pa Mthandizi, bungwe limene linkalemba anthu ntchito, kudzagwira ntchito m'mapulazi, m'migodi ndi m'nyumba za azungu ku Salisbury, imene lero ndi Harare, sanapite patali ndi sukulu. Komabe ndi iwo amene anapempha kuti kubwere mbusa, mpaka Rev. T.C.B. Vlok anafika mu 1912, ndipo mpingo umene anaugwiriziza ndi makobidi awo unakhala sinodi ya CCAP mu 1965. Anakhazikitsa mabungwe a maliro kuti mnzawo asaikidwe ngati wopanda abale. Akuluakulu amasimba kuti munthu akamabwerera kumudzi ankanyamula ndalama ndi nsalu za anzake popanda lisiti, ndipo amene ankasankhidwa kunyamula anali uja ankadziwika kuti amaopa Mulungu, chifukwa pa ulendo wa masabata m'tchire palibe amene akanamulondera. Sindikunena kuti onse anali oyera, pakuti amatchona ena anadya za eni n'kuiwala kwawo, koma anthuwo ankadziwa bwino lomwe munthu woyenera kumupatsira thumba.

FUNSO: Abusa, ndimagulitsa chimanga, nyemba ndi matimati ku Mbare Musika. Anzanga ambiri amaphwanya chidebe kunsi kuti muzilowa zochepa, amabisa matimati owola pansi pa mulu, ndipo pobweza chenji amasintha mtengo wa ZiG, ndalama ya ku Zimbabwe, pa dola ya ku America malinga ndi nkhope ya wogula. Ine ndimayesa kuchita chilungamo koma phindu langa ndi lochepa, lendi ikundivuta, ndipo akazi anga ayamba kunena kuti kuopa Mulungu kwangaku ndi kugona. Kodi nzeru imene mumalalikira ija ili pati?

YANKHO: Bambo, sindikulonjezani kuti mukapitiriza chilungamo mudzalemera kuposa anzanuwo, chifukwa Baibulo silinalonjeze zimenezo, ndipo mlaliki amene angakuuzeni choncho akukugulitsani chidebe chophwanyika nayenso. Asafu pa Masalimo 73 anadandaula monga mukudandaulira inu, kuti oipa akunenepa pamene iye wasamba m'manja pachabe, ndipo anavomera kuti anatsala pang'ono kuterereka. Mlaliki 8:11 amafotokoza chifukwa chake chinyengo chimafala: chilango chikachedwa, mitima ya anthu imalimbika pa kuchita zoipa. Zimene mukuona pa msikapo si zachilendo, pakuti mneneri Amosi anadzudzula amalonda a nthawi yake chifukwa cha kuchepetsa muyeso, kukweza mtengo ndi kugulitsa mungu wa tirigu pamodzi ndi tiriguyo.

Werengani Nehemiya 5:14-18 pamodzi ndi akazi anu. Nehemiya anakhala bwanamkubwa wa Yuda zaka 12, ndipo amene analipo iye asanabwere ankalanda kwa anthu chakudya, vinyo ndi masekeli 40 a siliva, ngakhale anyamata awo ankapondereza anthu. Iye anali ndi ufulu wotenga zomwezo, ndipo patebulo pake pankadya anthu 150, koma akunena kuti sanachite choncho chifukwa cha kuopa Mulungu. Onani kuti anataya phindu lenileni. Chimene anapeza n'chakuti pamene anaimirira kudzudzula olemera amene ankalanda minda ndi ana a osauka chifukwa cha ngongole, iwo anasowa choyankha, popeza m'manja mwake munalibe kanthu ka mwini.

Ife a muno tinaphunzira mu 2008 kuti ndalama ikhoza kusanduka pepala, ndipo chaka chotsatira tinagwira ndi manja athu pepala lolembedwa madola 100 thililiyoni limene silinakhalitse. Pa nthawi ngati imeneyo munthu amadya chifukwa alipo wina amene angamupatse katundu pa ngongole pongomva mawu ake. Dzina lotero limamangidwa pang'onopang'ono, chidebe ndi chidebe, ndipo Miyambo 22:1 imaliika pamwamba pa chuma chambiri.

Komabe akazi anu ali ndi mfundo imene simuyenera kuinyalanyaza. Kuopa Mulungu sikukuletsani kuwerengera bwino malonda anu. Ngati chidebe chodzaza sichikukupatsani phindu pa mtengo wa anzanuwo, kwezani mtengo poyera ndipo muuze wogula chifukwa chake, kapena muyese chimangacho iye akuona. Matimati ofewa muwaike padera pa mtengo wotsika, alipo amayi ophika zogulitsa amene amawafuna. Mtengo wa ZiG pa dola ukhale umodzi kwa aliyense tsiku limenelo. Mulembe zolowa ndi zotuluka m'kabuku, ndipo musiye kupereka ngongole kwa aliyense wa mumpingo chifukwa cha manyazi, pakuti amalonda ambiri achikhristu amagwa ndi abale a m'kwaya kuposa ndi akuba.

FUNSO: Abusa, ndine mtsikana wa ku Epworth, ndipo mayi anga akudwala kwa nthawi yaitali. Mneneri wina anandiuza kuti matendawa ndi temberero lochokera kwa makolo athu a ku Malawi, ndipo ndikapanda kufesa mbewu ya ndalama kwa iye mwezi uno, imfa ilowa m'nyumba. Anati kukana mawu a munthu wa Mulungu ndi kusaopa Mulungu. Sindikugona tulo. Kodi chikhulupiriro changa ndi chochepa?

YANKHO: Mwana wanga, pepani chifukwa cha matenda a mayi, ndipo dziwani kuti chimene chikukusowetsani tulo si kuopa Mulungu ayi, ndi kuopa munthu, kumene Miyambo 29:25 imati kumatchera msampha. Deuteronomo 18:22 amalamula poyera kuti mneneri amene wanena modzikuza mawu osachokera kwa Yehova tisamuope. Pamene Simoni wa ku Samariya anafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama, Petro anamudzudzula koopsa, ndipo Elisa atachiritsa Namani anakana kulandira kalikonse. Amene anathamangira mphatsozo mobisa, Gehazi, ndi amene anatenga khate. Palibe paliponse m'Mauthenga Abwino anayi pamene Yesu analipiritsa wodwala. Za temberero la makolo, Ezekieli 18:20 akuti mwana sadzasenza mphulupulu ya atate wake, ndipo ndimamva chisoni kuti anthu athu, amene avutika kale zaka zambiri ndi nkhani ya zitupa ndi unzika m'dziko limene anabadwira, akuuzidwanso kuti magazi awo ndiwo tsoka lawo.

Mwafunsa za chikhulupiriro. Kuopa Mulungu ndi chikhulupiriro zimayenda pamodzi chifukwa munthu amene waona ukulu wa Mulungu amayamba kuona zoopsa zina pa msinkhu wake weniweni. Azamba awiri a Chihebri, Sifira ndi Puwa, analamulidwa ndi Farao kupha ana aamuna, koma Eksodo 1:17 akuti anaopa Mulungu ndipo sanachite monga inawauzira mfumu. Anali akazi wamba patsogolo pa munthu wamphamvu koposa m'dziko, ndipo kulimba mtima kwawo kunachokera pa kudziwa amene ali wamkulu pakati pa Farao ndi Mulungu. Pa Mateyu 10:28-31 Yesu akuuza ophunzira ake kuti aope Mulungu yekha, ndipo nthawi yomweyo akuwakumbutsa kuti mpheta imodzi siigwa pansi Atate osadziwa, kuti tsitsi la m'mutu mwawo ndi lowerengedwa, choncho asaope. Wachifwamba wa pamtanda uja anayamba ndi kufunsa mnzake ngati saopa Mulungu, kenaka anavomera kulakwa kwake, ndipo pomaliza anapempha Yesu kuti adzamukumbukire mu ufumu wake. Analibe mbewu yoti afese, manja ake anali okhomedwa, koma analandira lonjezo la Paradaiso tsiku lomwelo.

Ndalama imene mwasonkhanitsayo musaipereke kwa mneneriyo. Igwiritseni ntchito kupita ndi mayi ku kiliniki ya kwanuko, ndipo anamwino akakutumizani ku chipatala chachikulu monga Sally Mugabe kapena Parirenyatwa, pitani, ndipo mankhwala amene angapatsidwe asawasiye chifukwa cha mawu a munthu aliyense. Muuze akulu a mpingo wanu kuti abwere kudzapemphera nawo monga amanenera Yakobo 5:14, ndipo amayi a mumpingo akuthandizeni kudwazika kuti nanunso mupumeko. Mneneriyo akapitiriza kukuimbirani foni ndi kukuopsezani, musamuyankhe nokha. Muuze amalume anu kapena mkulu wa mpingo, ndipo mauthenga akewo muwasunge.