Kupentanso boti lakale n'ndalama zingati?

Funso: Akulu, ndagula boti lakale la fayiba ku Monkey Bay. Penti wake wasuluka, ndipo kunsi kuli matuza. Kulipentanso kungandidyere zingati? Msodzi, Mangochi.

Yankho: Bambo, ndalama zambiri sizithera pa penti ayi, zimathera kwa wopala ndi sandipepala. Mukapala nokha mwapulumutsa gawo lalikulu. Chondidetsa nkhawa ndi matuzawo, chifukwa ndi madzi amene alowa m'kati mwa fayiba. Muwaboole, botilo liume pamtunda m'chilimwe, kenako mutseke ndi epoxy, guluu wolimba wosalowa madzi, musanapake primer, penti woyambirira. Pamwamba pakani penti wa polyurethane wosakaniza zitini ziwiri. Ngokwera mtengo, koma amapirira dzuwa lakunyanja. Penti wa nyumba musayerekeze, amakanganuka msanga. Mmisiri asakutchulireni mtengo pa foni, abwere adzayeze boti ndi kuona matuzawo.