Agogo ankaluka zipewa ku Fort Manning: mbiri yawo tiyambire pati?

Mayi wina wa kwa Mkanda ku Mchinji wanditumizira imelo. Akuti agogo ake aamuna, obereka mayi ake, ankaluka zipewa za mlaza nthawi ya atsamunda n'kumakagulitsa pa boma la Fort Manning, limene lero ndi Mchinji. Iye sanawaone, chithunzi chawo palibe, ndipo achibale sanena zambiri. Akufuna kudziwa kuti munthu wotere ankakhala moyo wotani, komanso kumene angapeze mbiri ya banja lake.

Mayi, zikomo pondilembera. Agogo anuwo musawachepetse ayi. Ine ndikuona kuti luso lawolo liyenera kuti ndilo linagwira banja lanu kuti lisabalalike.

Dera la Mchinji linalowa m'manja mwa Angerezi atagonjetsa Angoni a Mpezeni mu 1898, ndipo posakhalitsa kunabwera msonkho wa nyumba. Msonkhowo unkafuna ndalama, pamene anthu chuma chawo chinali m'nkhokwe ndi m'khola. Ndiye amuna ambiri ananyamuka: ena ku mafamu a azungu ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, ena ku Halale, ena ku migodi ya ku Joni kudzera kwa Wenela. Ambiri sanabwerere, anasanduka matchona, akazi n'kumalera ana okha. Tsono taganizani za bambo amene ali ndi chinthu cha m'manja mwake chimene anthu akugula ndi ndalama. Ameneyo ankatha kudula msonkho akugona m'nyumba mwake, dzinja likafika khasu lili paphewa limodzi ndi mkazi wake. M'masiku amenewo umenewu unali mwayi waukulu kwa ana.

Ntchitoyo payokha ndi yodya nthawi. Umadula nsonga zanthete za mlaza, kuziyanika, kuzing'amba timizere tofanana ndi kampeni, kenako kuzinyowetsa pang'ono kuti zisathyoke. Umaluka chingwe chachitali, ndiye n'kumachisoka mozungulira kuyambira pakati pa mutu mpaka m'mphepete moteteza dzuwa muja. Ukalakwitsa poyambira, chipewa chonse chimapendekeka. Kwa Achewa kuluka mphasa, madengu ndi malichero kunali kwa amuna, monga kuumba miphika kunali kwa akazi, ndipo nthawi yake inali chilimwe, zokolola zili m'nkhokwe. Choncho agogo anuwo muwaone ngati mlimi amene analinso mmisiri.

Palinso china chimene achinyamata ambiri sachidziwa. Pa nthawi ya atsamunda, munthu wakuda wovala chipewa akakumana ndi mzungu ankayenera kuchivula. Akachedwa ankakalipiridwa kuti "chotsa chipewa", ena kumenyedwa kumene, pamene mzunguyo nthawi zambiri sankayankha n'komwe ulemuwo. John Chilembwe ataukira mu Januwale 1915, bungwe limene boma linakhazikitsa kuti lifufuze zifukwa zake linamva dandaulo limeneli kuchokera kwa mboni zingapo. Nkhaniyi imandikhudza kwambiri. Aphunzitsi, makalaliki ndi anthu obwera ku Joni ankavala chipewa posonyeza kuti nawonso ndi anthu olemekezeka, ndipo n'chifukwa chake chinkawawa azungu ena m'maso. Cha mlaza chinali chotsika mtengo poyerekeza ndi cha m'sitolo ya mmwenye, kotero chinkafika ndi kwa munthu wamba wa kumunda.

Tsopano za banja. Poyamba dziwani ngati agogowo anali Mchewa kapena Mngoni, chifukwa njira zake n'zosiyana. Ngati anali Mchewa wa chikamwini, mudzi umene ana ake anakulira si kwawo, ndi kwa mkazi wake. Kumeneko ankangotchedwa mkamwini, ndipo mwina n'chifukwa chake abale anu sadziwa zambiri: mwini mbumba anali malume, osati iwo. Mbiri yawo yeniyeni ili kumudzi kwa mayi awo ndi alongo awo, kwa adzukulu a alongowo. Funsani azakhali kapena agogo aakazi amene atsala kuti, "Kodi bambo aja anachokera mudzi uti, nanga mfunda wawo unali chiyani?" Mukapeza mudzi ndi mfunda, pitani kwa anyakwawa a kumeneko mutanyamula kangachepe. Akakhala Mngoni wa kwa Zulu kapena kwa Mlonyeni, tsatani mzere wa bambo, ndipo funsani za ng'ombe za malowolo, poti zimenezo akuluakulu saiwala.

Zolembedwa zilipo, koma muziyamba ndi ku tchalitchi. Ansembe a White Fathers anafika ku Kachebere mu 1903, ndipo Akatolika amasunga bwino kaundula wa ubatizo ndi maukwati, momwe mumakhala dzina la munthu, makolo ake ndi mudzi. Ngati anali a mpingo wa Dutch Reformed, umene lero ndi CCAP Sinodi ya Nkhoma, funsani pa mpingo wakale wa m'dera lanu. Ku National Archives ku Zomba kuli mabuku a maboma a nthawi ya atsamunda. M'menemo mupezamo za mafumu, midzi, msonkho ndi misika. Zidzakuthandizani kuona dziko limene agogowo ankayendamo, ngakhale amisiri a m'midzi sankalembedwa kawirikawiri ndi maina awo.

Musananyamuke, sonkhanitsani maina awo onse. Munthu mmodzi ankakhala ndi dzina la paubwana, lina la kudambwe kapena la ubatizo, linanso limene ankadziwika nalo pa msika. Ndipo kwa okalamba musachedweko: pitani chilimwe chino ndi foni yojambulira mawu, muwapemphe chilolezo, muwasiye alankhule mpaka atope okha. Muwafunsenso kumene mlazawo unkachokera ndi amene agogowo anawaphunzitsa kuluka, chifukwa wophunzira kwa mmisiri amakumbukira zambiri za iye zimene ana ake enieni sanazisamale. Mukapeza dzina la mudzi, mundilemberenso tione mpingo umene unali pafupi nawo.