Kwa achemwali a ku Chipoka amene mwafunsa za mabuku a mlongo wanu

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mukuti mlongo wanu wa zaka 19 sanakhoze mayeso a MSCE chaka chatha, chichokereni pamenepo sakuyankhulanso ndi anthu pakhomo, usiku akumapita kunyanja ndi alovi, masana n'kumangogona, ndiye mukufuna mayina a mabuku oti mumugulire mwina mtima wake n'kubwerera m'malo. Ndaona anzathu ena akutchulirani kale mabuku aja ophunzitsa kulemera. Musanatulutse ndalama yanu, tamvani kaye zanga, chifukwa pamene pakhala mnyamatayo inenso ndinakhalapo, kuno ku Senga Bay.

Chaka chimene ndinalephera Fomu 4 n'kuti bambo atangotisiya kumene. Zotsatira zitatuluka sindinalire pamaso pa munthu, ndinangolowa m'bwato. Amene sanakokepo khoka la chilimira sangamvetse chimene mnyamata wosweka mtima amathawira kunyanja. Kumeneko palibe amene amakufunsa kuti unapeza mapointi angati. Siginala akayatsa nyali usipa n'kusonkhana, chofunika ndi mikono yako basi, ndipo kukacha mumagawana ndalama mofanana ndi anzako. Choncho mlongo wanuyo musamutenge ngati waulesi. Kukoka khoka usiku wonse m'mphepo ya mu June si ntchito ya munthu waulesi ayi. Manyazi ndi amene akumudya, ndipo wapeza malo amene manyaziwo samulondola.

Ine anandivuula ndi mphunzitsi wina wopuma pantchito amene ankagula usipa pathandala la mayi anga. Tsiku lina anabwera ndi kabuku kokutidwa ndi pepala la thumba la simenti, m'mbali mwake mutadyeka ndi njenjete. Sanandilalikire. Anangokhala pamchenga n'kunena kuti, "Mphwanga, maso angawa atopa. Ndikamabwera uzindiwerengerako tsamba limodzi kapena awiri." Kukana munthu wamkulu n'kovuta. Tinkakhala pamthunzi pansi pa thandala, ntchentche zili ng'waa, ine ndikuwerenga Chingerezi chodumphadumpha ndi zala zonunkha nsomba, iwo akundiimitsa pa liwu lovuta n'kundimasulira m'Chichewa. Mpaka lero m'bukumo muli timamba ta usipa tomatirira pamasamba ena. Patapita zaka ndi pamene ndinawapeza akuwerenga nyuzipepala popanda magalasi. Maso awo analibe vuto lililonse.

Bukulo linali I Will Try la Legson Kayira, lomwe linatuluka mu 1965, ndipo ndi limene ndikuti muyambe nalo. Kayira anali mwana wa m'mudzi wosauka kumpoto kwenikweni kwa dziko lino, ndipo anaphunzira ku Livingstonia. Dzina la bukulo analitenga pa mawu amene sukuluyo inkayendera. Mu October 1958 ananyamuka wapansi, wopanda nsapato, atanyamula kankhwangwa, bulangete, mapu ndi mabuku awiri, limodzi mwa iwo Baibulo. Cholinga chake chinali kukafika ku Cairo n'kupeza njira yowolokera ku America kukaphunzira. Ku Kampala analowa mu layibulale ya boma la America, n'kupeza buku la mayina a makoleji, ndipo analembera kalata Skagit Valley College ya ku Washington. Anamulandira. Anapitirira mpaka ku Khartoum, ndipo ku America anakafika mu December 1960. Pambuyo pake anakaphunziranso ku Cambridge.

Anthu akamasimba nkhaniyi amathamangira kumapeto, pokwera ndege paja. Ine pansi pa thandala paja chimene chinandigwira mtima chinali pakati pake. Zaka 2 zathunthu ali panjira. Ndalama zikamuthera ankaima n'kugwira maganyu kwa miyezi, ankadwala, ankagona kwa anthu osawadziwa chilankhulo chawo. Munthu wokumana naye nthawi imeneyo akanangoti ndi mnyamata wamaganyu wopanda tsogolo, ngati mmene anthu ankandionera ine pagombe. Tsiku limene ndinazindikira zimenezi ndinafunsa aphunzitsi aja kuti, "Kodi ndiye kuti kuima panjira si kulephera?" Iwo anangoti ndipitirize kuwerenga. Chinanso chimene ambiri amachidumpha n'chakuti ndalama ya ndege sanaipeze yekha. Anasonkha ndi ana asukulu ndi anthu a m'tauni ya kolejiyo, anthu oti nkhope yake anali asanaionepo.

Lachiwiri ndi The Boy Who Harnessed the Wind, limene William Kamkwamba analemba mothandizana ndi Bryan Mealer, la mu 2009. Ili ndi lathu lenileni, la ku Wimbe ku Kasungu konkuno, ndipo aliyense amene anaona njala ya 2001 mpaka 2002 akaliwerenga amadzipezamo. Banja lawo linafika podya kamodzi patsiku, gaga akugulitsidwa pamsika ngati ufa. Fizi ya kusekondale inasowa. William ankalowa m'kalasi mozemba mpaka anamutulukira n'kumubweza. Atakhala pakhomo anayamba kupita ku kalayibulale kakang'ono ka pasukulu ya pulayimale, komwe anapeza buku lotchedwa Using Energy lokhala ndi chithunzi cha makina oyendera mphepo pachikuto. Chingerezi chinkamuvuta, ndiye ankatsatira zithunzi n'kumafunsa mawu kwa mayi woyang'anira mabukuwo. Ali ndi zaka 14 anamanga makina ake ndi mitengo ya bulugamu, chitsulo chopepera injini ya thirakitala chotola kudzala, mapaipi apulasitiki owongola pamoto, njinga yakutha ya bambo ake ndi dayinamo. Babu inayaka. Pamene ankatola zitsulozo anthu ankamunena kuti wapenga, ena n'kumati akusuta chamba.

Nayenso sanali yekha. Mnzake Gilbert, mwana wa mfumu, ndi amene ankatulutsa timakwacha take pogula tizipangizo tosatoleka kudzala, ndipo msuweni wake Geoffrey anali naye limodzi pantchitoyo. Komanso babu itayaka moyo wake sunasinthe m'mawa mwake. Panadutsa zaka asanadziwike. Ndi mu 2006 pamene akuluakulu a zamaphunziro anabwera ndi atolankhani, mu 2007 n'kukayankhula pa msonkhano waukulu wa anthu a nzeru zatsopano wotchedwa TED ku Arusha, ku Tanzania, ndipo digiri yake ya ku koleji ya Dartmouth ku America anailandira mu 2014. Werengani nokha zaka zimenezo. Ngati Chingerezi chikumulemera mlongo wanu, kanema wa nkhaniyi anatuluka mu 2019 ndipo mbali yaikulu amayankhula Chichewa. Mukhoza kuyamba kuonera limodzi pafoni, bukulo lidzabwere iye atayamba kufunsa mafunso.

Koma apa ndiye pali ngozi, achemwali, ndipo ndikunena chifukwa ndaziona m'makomo ambiri. Mabuku awiriwa savuta kusanduka chikwapu. Munthu amaponya buku pamphasa n'kunena kuti, "Taona mnzako anapanga magetsi, wina anayenda wapansi mpaka ku Sudan, iwe ukungogona." Mukatero mwalipha bukulo, ndipo mwanayo sadzalitsegulanso. Mnyamata amene walephera mayeso amadziweruza kale yekha usiku uliwonse, safunikanso woweruza wina wochokera m'buku. Mukawerenga bwinobwino muona kuti m'nkhani zonse ziwirizi muli munthu woima pambali atagwira nyali: woyang'anira layibulale, mnzake wa paubwana, alendo osonkha ndalama. M'nkhani ya mlongo wanu munthu ameneyo ndinu. Ndiye bukulo muliwerenge inuyo choyamba.

Tsopano la m'chilankhulo chathu. Nthondo, lolembedwa ndi Samuel Josiah Nthara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, linatuluka mu 1933 ndipo linapambana mphotho pa mpikisano wa mabuku a m'zilankhulo za mu Africa. T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi n'kulitcha Man of Africa. Limatsata munthu mmodzi kuyambira kubadwa mpaka kumwalira. Ndimalikonda chifukwa Nthondo si mwana wabwino. Ndi wovuta, wochititsa manyazi abale ake, amachoka pamudzi kukasaka ntchito kutali, ndipo kusintha kwake kumabwera mochedwa, mpaka kudzakhala mfumu yolemekezeka. Ena amati likulalikira kwambiri kumapeto, ndipo n'zoona, linalembedwa pamishoni. Komabe mnyamata amene akudziona ngati wotayika amapumako akakumana ndi munthu wa m'buku amene anachita zoposa zake koma mudzi sunamutaye. Ndi losowa masiku ano. Yesani kufunsa kwa aphunzitsi akale, kwa akuluampingo, ku TDC (malo osulirako aphunzitsi) ya m'dera lanu, kapena ku CLAIM Mabuku mukapita ku Lilongwe. Mukafunsenso Kukula ndi Mwambo la John Gwengwe.

Limodzi ili ndi lanu inuyo, osati lake. Mwanena kuti fizi yake munkalipira ndinu ndi geni yanu ya mpunga, ndipo pakati pa mawu anu ndamva kuti inunso zikukupwetekani. Nervous Conditions la Tsitsi Dangarembga wa ku Zimbabwe, la mu 1988, likunena za mtsikana Tambudzai amene kwawo anasankha kuphunzitsa mwana wamwamuna ndalama zitachepa. Tambudzai analima kamunda kake ka chimanga kuti agulitse mondokwa apeze fizi. Si buku lotonthoza, limaluma. Koma limanena poyera zimene ana aakazi ambiri a m'mbali mwa nyanja muno amangomeza. Tsiku lina mlongo wanu akadzakhazikika, adzaliwerengenso kuti adziwe mtengo wa mpunga munkasenza uja.

Za mabuku a kulemera aja ndinene mwachidule. Sindikuti ndi oipa, muli nzeru zina zosunga ndalama. Koma ambiri analembedwera munthu amene ali kale pantchito, ali ndi buku la kubanki, akuganiza zogula nyumba ya lendi ndi ngongole. Mwana amene m'thumba mwake muli ndalama ya usipa wa dzulo yokha akawerenga zimenezo amangoona kutalika kwa phiri. Ndiponso amakonda kunena kuti umphawi uli m'maganizo a munthu. Mawu amenewo ndi olemera kwambiri kuuza mwana wamasiye wa ku Chipoka amene ankawerengera mayeso pa tochi ya foni yobwereka. Adzawawerenga akadzayamba kugwira kake.

Kachitidwe kake, ine ndikanatengera aphunzitsi anga aja. Musamupatse bukulo ngati mankhwala. Mupempheni kuti akuthandizeni. Madzulo asanatsikire kunyanja, inu mukupeta mpunga, muuzeni kuti pali mawu akukuvutani, akuwerengereni ndime imodzi. Akakana musakakamize, bukulo musiye poonekera. Mwina padutsa sabata zitatu asanalikhudze. Akayamba kuwerenga musamufunse kuti waphunzirapo chiyani, amenewo ndi mayeso enanso. Mufunseni zoti iyeyo akanatani pa Kampala paja, akanabwerera kapena akanapitirira. Ndipo kunyanjako musamuletse msanga. Ndalama ya kumeneko ndi imene inandilipirira ine sukulu yamadzulo. Ndinkapatsa mayi gawo lina tsiku lililonse kuti andisungire m'kachitini ka mkaka, mpaka inakwana yolembetsera mayeso kachiwiri. Ndinakhoza patatha zaka 2 chilepherereni, kenako ndinapita kukoleji ya zauphunzitsi. Lero ndimaphunzitsa Sitandade 7.

Mwina iye njira yake si yobwereza Fomu 4. Kuno ku Senga Bay kuli Salima Technical College, ndipo a TEVETA amayendetsa maphunziro a ntchito zamanja. Akadzayamba kuyankhula za mawa, mudzapite naye akafunse yekha zimene amafuna polemba ophunzira. Mnyamata wozolowera injini za maboti amakhala ndi manja odziwa kale sipanala. Koma zimenezi zidikire, zisatsogole.

Chomaliza ndikunena ndi mtima wonse. Mwati sakuyankhula ndi anthu. Muzimvetsera bwino timawu tochepa timene akutulutsato. Mukadzamva akunena zoti kuli bwino kufa, kapena kuti akungokulemetsani, kapena mukaona akugawa zinthu zake, pamenepo si pa buku ayi. Musamusiye yekha, muuzeni munthu wamkulu amene iye amamukhulupirira, amalume kapena abusa kapena ashehe, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo mukafotokoze momwe mwafotokozera muno. Tataya anyamata ambiri amene tinkangoti ndi ofatsa.

Buku la Kayira lija ndikadali nalo. Aphunzitsi aja anandisiyira asanamwalire, chikuto chake n'chomwe chija cha pepala la simenti, ndangochimata ndi selotepi pamsana. Labwerekedwa kale ndi ana 6 ndipo lakhala likubwerera. Loweruka likubwerali ndidzakhala pa Kamuzu Road ku Salima m'mawa kugula zinthu za kusukulu. Mundilembere kumbali tipangane, ndidzakupatsireni kapena nditumize pa minibasi ya ku Chipoka. Tsamba lina chakumapeto linang'ambika pakona, koma mawu onse akuwerengeka.