Madala kapena anyamata pa ntchito yomanga?

Mayi, mwafunsa kuti pa nyumba yanu ya ku Chalala, mu Lusaka, mulembe ndani: madala amene akuti amachedwa, kapena anyamata amene amathamanga koma ntchito yawo akuti siikhalitsa. Ine ndinayamba ngati dakaboyi, kuponda daka ndi kukankha wilibala, lero ndimayang'anira anthu pa saiti. Onsewa ndagwira nawo.

Chimene chimawasiyanitsa kwambiri ndi kalipiridwe. Mdala amene anandiphunzitsa anakulira pa kampani, kulandira pakutha pa mwezi. Kwa iye tsiku labwino linali loti khoma laima chilili, chingwe ndi levulo zagwirizana, ngakhale mizere ichepe. Akaona buloko lapendekeka ankagumula mzere wonse, ife mtima ukuwawa. Mnyamata wa lero amagwira ganyu. Mumapangana mtengo kufika pa windo kapena pa lintala (konkire ya pamwamba pa zitseko ndi mawindo), akamaliza alandire. Lendi ya ku Kanyama kapena ku Mtendere siidikira munthu, ndiye akamawerenga mabuloko m'malo moyang'ana khoma, tamuphunzitsa tokha.

Pa konkire pokha ndimaima ndi madala. Silabu imafuna kuithirira madzi masiku osachepera 7, ndipo mphamvu yake amaiyeza pa masiku 28. Ndi dzuwa la Okutobala lija, mukaisiya youma, ming'alu siichedwa. Anyamata amaona ngati masiku amenewo ndi otayika poti palibe amawalipira. Thumba la simenti la makilogalamu 50, kaya la Chilanga kaya la Dangote, lilibe mlandu. Wolakwa ndi amene amaonjezera mchenga kuti daka lichuluke, ndipo nthawi zina, mundikhululukire, amalamula zimenezo ndi mwini nyumba.

Koma madala nawonso asadzitame. Ena amakana makina osakanizira konkire, ati manja ndiye abwino, tsiku lonse n'kuthera pa fosholo. Mnyamata wodutsa m'masukulu a TEVETA, bungwe la boma loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, amawerenga pulani, amawerengera matumba pa foni, zithunzi amakutumizirani pa WhatsApp inu muli ku ntchito. Mu 2024, magetsi akuzimazima poti madzi anachepa ku Kariba, anyamata anga ndi amene ankadzuka pakati pa usiku kuwotcherera mafelemu magetsi akabwera.

Pa nyumba ngati yanu ine ndimaika mdala pa faundeshoni, ngodya ndi lintala, anyamata n'kumadzaza makoma. Masiku othirira madzi muwalembe m'pangano, muwalipire padera. Ndalama yomaliza muigwire kaye mpaka pulasitala itauma, muone ngati yang'aluka.